Mphika wa Miyendo Itatu

Agogo anga aakazi atatisiya, tinadikira kuti mwezi uthe, kenaka tinasonkhana kwathu ku Ntcheu kudzagawana zimene anasiya. Sizinali zambiri: zitenje zingapo m'sutikesi, Baibulo lothothoka chikuto, makasu awiri ndi mbuzi zitatu. Nkhani itatha, anthu atayamba kubalalika, ndinazungulira kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko ndinapeza mphika wachitsulo wa miyendo itatu utapendekeka m'dothi, muli madzi a mvula obiriwira, nkhuku zikumwamo. Unali psuu ndi dzimbiri ngati katondo. Chivundikiro chake chinali chapoteropo, atatsekera pakhomo pa khola la abakha. Palibe amene anauwerengera pa katundu wa malemu.

Ine ndinauzindikira pomwepo. Tili ana, agogo ankaphikiramo nyemba, mang'ina ndi phala la thobwa. Ankautereka m'mamawa, n'kusonkhezera chikuni chimodzi chachikulu, n'kunyamuka ulendo wakudimba. Pobwerako dzuwa lili paliwombo, moto unkakhala utasanduka phulusa, koma nyemba zitapsa bwinobwino, zikadali zotentha. Sunkafuna mafuwa, poti unabadwa ndi mafuwa akeake.

Ndinapita kwa amayi aang'ono, amene anatsala ngati mkulu wa pakhomopo.

"Amayi, mphika uli kuseri kwa nkhokwe uja, kodi ndingautenge?"

"Tengani mwanangu," anatero. "Ndani angaunyamule masiku ano? Ana a lero akufuna sefuliya yopepuka, yowira msanga."

Nditafika nawo ku Blantyre ndinauyeza pasikelo: makilogalamu 11 pamodzi ndi chivundikiro. Ndinauviika m'madzi osakaniza ndi viniga, theka ndi theka, kwa mphindi 30, chifukwa viniga akakhalitsa amayamba kudya chitsulo chabwino chomwe. Kenaka ndinaukwecha ndi mchenga ndi phulusa, monga ankachitira agogo, mpaka zala zinachita matuza. Tsiku lachitatu dzimbiri linayamba kugonja, ndipo pansi pake panaoneka chitsulo chotuwa. Pachivundikiro panatuluka zilembo zotukuka, chimodzichimodzi, monga mwala umaonekera madzi a mumtsinje akamaphwa: FALKIRK. Pambali pake panali nambala 3. Pa khutu limodzi la mphikawo, pamene pamakolowekedwa chogwirira, panali mphini zitatu zakuya, zofanana kutalika, zoonetseratu kuti wina anazitema dala.

Dzina lija ndilo linandilowetsa m'nkhani ya miphika. Falkirk ndi tauni ya ku Scotland, pakati pa Glasgow ndi Edinburgh. Pafupi nayo panatsegulidwa fakitale yaikulu ya zitsulo ya Carron mu 1759, ndipo m'zaka za m'ma 1800 dera lonselo linadzaza ndi ng'anjo zosungunula chitsulo. Miphika yochokera kumeneko inakwera zombo kupita m'maiko ambiri, Africa yemwe. Pambuyo pake dzinalo linawoloka nyanja, miphika ya Falkirk n'kuyamba kupangidwa ku South Africa konko, kumene Mabunu amautcha potjie, Azulu ibhodwe, ndipo Ashona a ku Zimbabwe amati bhodho. Choncho dzina lokha silikwanira kunena kuti mphika wachokera ku Scotland. Nambala ija imanena kukula: wa nambala 3 umalowa pafupifupi malita 8, ndipo wa nambala 25, uja amaphikira anthu a pamaliro, umalowa pafupifupi malita 70.

Makolo athu chitsulo ankachidziwa Azungu asanabwere. Ankayenga miyala m'ng'anjo zadothi, zimene zotsalira zake zikuonekabe ku Kasungu ndi ku Nyika. Koma m'ng'anjo zathu munkatuluka chibuluma chofewa chimene wosula ankachimenya mpaka chisanduke khasu, nkhwangwa kapena mkondo. Mphika wachitsulo sausula ayi. Chitsulo chake amachisungunula pa moto wa madigiri pafupifupi 1,200 mpaka chiyende ngati phala lamadzimadzi, n'kuchithira m'chikombole, monga woumba njerwa amathirira dothi. Chimakhala ndi kaboni wambiri, magawo 2 mpaka 4 pa 100 alionse, ndipo n'chifukwa chake sichipindika. Khasu ukalimenya limapindika. Mphika ukaugwetsa pamwala umasweka ngati phale.

Amene anatsitsa mtengo wa miphika yotere mpaka munthu wamba kuikwanitsa ndi Abraham Darby wa ku England. Iye asanabwere, chikombole cha mphika uliwonse ankachiumba ndi dothi, ntchito yochedwa ndiponso yodula. Mu 1707 Darby analembetsa ku boma njira yake yothira miphika m'zikombole za mchenga, ndipo mu 1709 ku Coalbrookdale anayamba kuyenga chitsulo ndi malasha owotcheratu m'malo mwa makala a mitengo. Miphika inayamba kutuluka yambiri, yopyapyala, yotchipa. Zimandigwira mtima kuti kusintha kwakukulu kwa mafakitale kumene tinkaloweza kusukulu, kumene kunabala njanji ndi milatho yachitsulo, mwa zina kunayambira pa chinthu cha kukhitchini, chophikira nyemba.

Njanji yomweyo ndiyo inabweretsa mphika wathu. Agogo aamuna anali mmodzi wa amuna ambirimbiri a ku Nyasaland amene anatsikira kummwera kukafuna ndalama ya msonkho ndi ya bulangete. Ena ankalembedwa ndi Wenela kupita kumigodi ya ku Joni, ena ndi Mthandizi kupita kumafamu a ku Southern Rhodesia, ena ankapita pa selefu, ndiye kuti paokha. Agogo anapita pa selefu, ndipo anabwerako mu 1958 pa sitima yodzera ku Mozambique, yowoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935, mpaka anatsikira pa Balaka. Anabwera ndi njinga, jekete, simbi ya makala ndi mphika uwu. Ndimawaona m'maganizo atakhala pa benchi lolimba la m'sitima masiku angapo, mphika uli pakati pa miyendo yawo, m'kati mwake atalongedzamo shuga, sopo ndi nsalu ya mkazi wawo. Munthu sanyamula makilogalamu 11 mtunda wonsewo ngati alibe maganizo obwerera kwawo kukadya ndi abale. Amene anasanduka matchona miphika yawo inatsala komweko.

Njira ya kummwera ija inadzatsekeka. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Anatsegulanso mu 1977, anthu n'kumati akupita ku Theba m'malo mwa ku Wenela, koma pofika 1988 zinatheratu. Ku Blantyre kwangotsala dzina la Wenela pa malo okwerera basi. M'midzi mwatsala nkhalamba zochepa zokumbukira migodi, ndi miphika ya kuseri kwa nkhokwe.

Miphikayo nayonso ikutha. Amaitha ndi ogula zitsulo zakale amene amayenda m'makwalala ndi sikelo. Kwa iwo mphika wa zaka 70 ndi chimodzimodzi ndi chidutswa cha injini: amaupachika, n'kuwerenga makilogalamu, n'kulipira. Tsiku lina ndinaona wina atakweza wa nambala 6 pangolo, pakati pa marimu a galimoto ndi bedi lothyoka. Ndinamuimitsa, ndinamuwonjezera pang'ono pa mtengo wa kulemera kwake, n'kuusenza. Umu ndi mmene ndinayambira kusonkhanitsa. Patatha zaka zisanu ndinali ndi miphika isanu ndi iwiri, ziwaya zinayi ndi simbi ziwiri za makala.

Pang'onopang'ono manja ndi makutu zinaphunzira ntchito. Choyamba ndimaupachika mphika pa chala kapena pa chingwe, n'kuugogoda ndi fungulo. Wamoyo umalira kuti ngeee ngati belu la kusukulu, kulira kwake n'kuchedwa kutha. Wosweka umangoti gu, ngakhale mng'alu utabisala pansi pa mwaye. Amayi athu ankachita zomwezo pogula nkhali pamsika. Kenaka ndimautembenuza kuona kumene chitsulo chinalowera m'chikombole. Zophikira zakale kwambiri zimakhala ndi mchombo wozungulira kapena mzere wotukuka kunsi kwake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mafakitale ambiri anayamba kuthirira m'mphepete, n'kupala chotsaliracho kuti chisaoneke. Komabe mzerewo wokha si umboni wokwanira, poti amisiri ang'onoang'ono anapitiriza njira yakaleyo. Ndimasisitanso misoko ya m'mbali, pamene zidutswa za chikombole zinkakumana, ndi mizere yozungulira mimba ya mphika imene imaulimbitsa. Ndimayesa chivundikiro ngati chikukhala bwino osagwedera, ndi kuona ngati nambala yake ikugwirizana ndi ya mphika, chifukwa zivundikiro zimasochera ndi kukwatiwa kwina.

Zilembo nazo zimalankhula. Za fakitale yeniyeni zimakhala zakuthwa, zoima bwino. Pali ena amene amatenga mphika wakale n'kuudinda mumchenga kuti apange chikombole chatsopano. Mwana wobadwa motero zilembo zake zimakhala zofufutika, khungu lake lokhakhala, ndipo amachepa pang'ono poyerekeza ndi kholo lake, chifukwa chitsulo chimafota pafupifupi gawo limodzi pa 100 chikamazizira. Chinthu chimodzi chokha ndicho chimandibweza ngakhale mphika ukongole bwanji: zotsalira zotuwa zonyezimira m'kati. Anthu ena amasungunuliramo mtovu wa m'mabatire, ndipo mphika woterowo suyeneranso kuona chakudya cha munthu.

Powerenga ndinapeza kuti ku America kusonkhanitsa zophikira zachitsulo ndi nkhani yaikulu, yokhala ndi mabuku ndi misonkhano yake. Kumeneko amalemekeza kwambiri ziwaya za Griswold, kampani ya ku Erie m'chigawo cha Pennsylvania imene inayamba mu 1865 ndi kutseka fakitale yake ya kumeneko mu 1957, ndi za Wagner ya ku Sidney, Ohio, imene inayamba mu 1891. Lodge ya ku South Pittsburg, Tennessee, ya mu 1896, ikupangabe mpaka lero. Katswiri amangoona kukula kwa mtanda wa m'bwalo umene uli chizindikiro cha Griswold, kapena mawu akuti ERIE ali okha, n'kunena zaka zimene chiwayacho chinapangidwa. Amachikhazika patebulo losalala kuti aone ngati chikugwedera kapena kuzungulira, chizindikiro chakuti moto unachipotoza. Amakonda zakalezo chifukwa amisiri ankazipala m'kati mpaka kusalala, ndipo n'zopepuka kuposa zambiri za masiku ano. Ndinaphunzira zochuluka kwa anthu amenewa, ndipo ndimawalemekeza chifukwa apulumutsa zinthu zambiri ku ng'anjo.

Koma ndinatengerakonso mtima wina umene poyamba sindinauone. Ndinayamba kuopa miphika yanga yomwe. Ndinakhomera mashelefu m'chipinda chosungira katundu, n'kuindandalika kuyambira waung'ono mpaka waukulu, uliwonse ndi kapepala kake. Mlendo akabwera ndinkamutsegulira chitseko kuti aone, koma akatambasula dzanja mtima unkandigunda. Ngakhale wa agogo uja ndinasiya kuphikiramo. Mphini zitatu za pa khutu lake ndinkazifufuza m'mabuku ndi pa intaneti, ndikuganiza kuti ndi chizindikiro cha mmisiri wa ku fakitale, ndipo sindinazipeze paliponse.

Chaka china m'mwezi wa Febuluwale kunagwa maliro nyumba yachitatu kuchokera pathu. Anali bambo wachikulire amene tinkapatsana naye moni tsiku lililonse. M'mamawa kunabwera amayi awiri a kumpingo, atamanga zitenje ndi mipango, n'kugwada pakhonde.

"Pepani bambo, tamva kuti muli ndi mphika waukulu wachitsulo. Anthu achuluka kusiwaku, ndiye timati mutibwereke tiphikire nyemba."

Ndinali nawodi wa nambala 25, umene ndinavutika kuupeza ndi kuutsuka. Ndinaganiza za moto wa zikuni zikuluzikulu, za anyamata ougubuduza pamiyala, za wina wothira madzi ozizira mumphika wotentha mpaka kuuswa. Ndinawauza kuti mphikawo sunali bwino, ndipo ndinawapatsa sefuliya ziwiri. Anathokoza mwaulemu n'kumapita.

Amayi aang'ono anali kwathu masiku amenewo, atabwera kudzaonana ndi dokotala. Anamva zonse ali pamkeka, osanena kanthu. Madzulo anandipempha kuti ndiwabweretsere mphika wa amayi awo. Anaukhazika pamiyendo, n'kuyamba kuusisita ngati mwana. Anandionetsa pansi pake m'kati, posalala kuposa pena paliponse, pamene mthiko wa agogo unadutsa zaka makumi anayi. Anandionetsa chogwirira, n'kunena kuti chenicheni chinathyoka iwo ali mtsikana, ndipo ichi ndi waya wa mpanda amene bambo awo anapota. Kenaka chala chawo chinafika pa khutu lija.

"Mphini izi mukuzidziwa, mwanangu?"

"Ayi amayi. Ndazifufuza kwambiri."

"Anatema ndi bambo anga ndi tupa, ine ndikuona. Pamaliro pankabwera miphika yambiri yofanana, ya m'mudzi monse. Potsuka inkasokonekera. Ndiye aliyense anaika chizindikiro chake. Yathu inali ya mphini zitatu. Mphika uwu wafika pa maliro onse a m'mudzi mwathu, pa zinkhoswe, pa maukwati, pa sadaka. Sunagonepo kunja koposa sabata, unkabwera wokha. Tsiku limene tinaika bambo, pakhomo pathu panali miphika khumi ndi iwiri, ndipo sitinapemphe ndi umodzi womwe."

Anaubweza m'manja mwanga. "Maliro n'kulirana," anatero, n'kupempha madzi akumwa.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Nyimbo za kusiwa zinkamveka bwinobwino kudutsa mpanda. Zaka zisanu ndinakhala ndikuphunzira kuwerenga zimene fakitale inalemba pa mphika, koma zimene banja langa linalembapo ndinalephera kuziwerenga. Dzina la Falkirk limanena kumene mphika unabadwira, ndipo lili pa miphika ina yosawerengeka. Mphini zitatu zili pa umodzi wokha, ndipo zinatemedwa chifukwa mphikawo unkayenera kutuluka pakhomo. Chinthu chokhala pashelefu sichifuna chizindikiro, poti palibe kumene chingasochere.

Kutacha ndinatsegula chipinda chija kuti nditulutse wa nambala 25, ndipo ndinaona chimene ndinkachizemba kuyambira mvula itayamba. Miphika yonse inali itachita mawangamawanga ofiira. Chinyezi cha dzinja chinalowa ngakhale chitseko chinali chokhoma. Kuda kwa bii kumene timakuona pa mphika wakale si utoto. Ndi mafuta a ndiwo amene moto unawawotcha mpaka kuuma ndi kumatirira ku chitsulo, lero pang'ono, mawa pang'ono, mpaka kukhala khungu lotchinga madzi ndi mpweya. Khungu limenelo limakula ndi kuphika, ndipo kuphika kukaleka limayamba kufa. Munthu angathe kupaka mafuta n'kuwotcha mu uvuni, ndipo ndinkachita zimenezo, koma sizifika pa khungu la mphika umene umaona moto sabata ndi sabata. Wa agogo unakhala zaka makumi anayi pamoto, m'manja mwa mudzi wonse, osachita dzimbiri. Unafiira pamene anthu analeka kuufuna.

Sindikunena kuti kusunga zakale n'kulakwa. Pakanapanda kuti ndiimitse ngolo ija, wa nambala 6 ukanasungunulidwa kalekale, ndipo kudziwa msoko, mchombo ndi kulira kwa chitsulo ndiko kumathandiza kuti chabwino chisatayidwe pamodzi ndi zinyalala. Zilipo zina zosowa kwambiri kapena zosweka zimene malo ake ndi nyumba yosungira zakale, kuti ana akazione. Ngozi ya kubwereketsa nayo ndi yeniyeni: mphika wachitsulo ukasweka, kuuwotcherera n'kovuta, ndipo kawirikawiri sukhalanso monga kale. Koma agogo aamuna ngozi imeneyo ankaidziwa kuposa ine. Iwo anaunyamula mphika wawo kuchokera kutali, anaugula ndi thukuta la kuchilendo, analibe wina wolowa m'malo mwake, komabe ankautulutsa pakhomo nthawi iliyonse kukamveka mfuu. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika. Miphika khumi ndi iwiri ija inali zimene agogo anaika m'nyumba za anzawo zaka zonsezo.

Ndinautsuka wa nambala 25 mofulumira, n'kuitana anyamata awiri. Tisananyamuke ndinatenga tupa. Ndinkadziwa kuti wosonkhanitsa aliyense angandiuze kuti ndikuutsitsa mtengo, ndipo n'zoona. Ndinagwada, n'kutema mphini zitatu pa khutu lakumanja, zofanana kutalika, amayi aang'ono akuyang'ana ali pamkeka. Tinaupititsa kusiwa tsiku loika maliro. Kwa amayi aja ndinapepesa, ndipo ndinangowapempha chinthu chimodzi, kuti ukatentha asauthire madzi ozizira. Mmodzi wa iwo anandiyankha kuti amayi ake anali nawo wotere ku Thyolo, ndipo akudziwa kasamalidwe kake.

Unabwera patapita masiku atatu, atausenza pawilibala. Kunja unali bii ndi mwaye, mwendo umodzi uli ndi matope. Nditatsegula chivundikiro ndinapeza kuti autsuka ndi phulusa, auumitsa pamoto, n'kuupaka mafuta m'kati monse mpaka kunyezimira. Mawanga ofiira aja panalibe ndi limodzi lomwe. Munkamveka kafungo ka nyemba ndi utsi, kafungo ka khitchini ya agogo, kamene zaka zisanu za viniga ndi mashelefu zinalephera kukabweza.

Lero mashelefu aja ndi osadzaza. Wa nambala 6 uli ku chinkhoswe ku Chilomoni, ubwera Lolemba. Waukulu uja watuluka kale kasanu chaka chino. Wa agogo uli pamoto kuseri kwa nyumba pamene ndikulemba izi, muli nyemba zimene ndinatereka m'mamawa, ndipo mwana wanga wamkazi wakhala pambali pake akusonkhezera chikuni. Dzulo anandifunsa za mphini zitatu, ndipo ndinamuuza amene anazitema.